Maliro Abodza Amene Anatsala Pang'ono Kundilanditsa Pikapu

Ndikupatsani moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene mawu awa akupezani. Ine ndine Fanuwelo, ndimakhala ku Bwanje m'boma la Ntcheu. Amene amandidziwa adabwa kuona kuti ndalemba zambiri chonchi, chifukwa ngakhale kutchalitchi malo anga ndi benchi yakumbuyo, ndipo pakamwa panga sipatseguka kawirikawiri. Koma chimene Mulungu anandichitira sindingachisunge ndekha. Ndinatsala pang'ono kulandidwa pikapu yanga kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, ndipo njira imene anthuwo anasankha imandichititsa nseru mpaka lero.

Ine ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi. Bambo anabwera kuchokera kumafamu a ku Joni akudwala kale, ndipo sanakhalitse. Amayi anawatsatira ndili wamng'ono. Amayiwo anamwalirira kuchipatala, ndipo eni magalimoto onse amene agogo anawagwadira anakana kunyamula thupi. Tinabwera nalo pa ngolo, dzuwa la kuchigwa kuno likuswa mtengo, ine ndikuyenda pambuyo. Tsiku limenelo ndinauza Mulungu mumtima kuti ndikadzakhala ndi galimoto, sindidzakana maliro a munthu aliyense. Abale onse amadziwa za lonjezo limeneli.

Pikapuyo ndinaipeza nditalima mpunga m'sikimu ya ulimi wothirira zaka zambiri, agogo n'kuwonjezerapo ng'ombe zimene agogo aamuna anasiya. Ndi yakale, yoyera, chitseko chakumanzere chimafuna kuchinyamula pang'ono kuti chitseke. Koma ndi imene imatidyetsa. Imakweza mpunga kupita nawo kumtunda, pobwera imatsika ndi mbatatesi ndi kabichi. Agogo miyendo ikawavuta, ndi imene imawafikitsa kuchipatala ku Kasinje. Kuitaya kukanakhala kutaya ng'ombe za agogo, thukuta langa ndi miyendo yawo pa tsiku limodzi.

N'chifukwa chake ndinkaisamala kwambiri, makamaka ndikapita kukagula mbatatesi kutsidya. Kuno aliyense amadziwa kuti galimoto ikabedwa n'kuwoloka malire, kuionanso n'kovuta. Powoloka malire ndinkadzera pa geti ndi mapepala onse, ndinkatenga mnzanga mmodzi, ndipo ndikaima ndinkamanga chiwongolero ndi tcheni n'kuika loko. Kiyi sindinkapatsa munthu. Pansi pa mpando wanga panalinso kaswichi kobisika kodula mafuta, kamene makaniko wina anandiikira tili awiri okha. Ukakakhudza, injini imayenda pang'ono kenako n'kuzima ngati yawonongeka. Za kaswichi kameneka sindinauze aliyense, ngakhale agogo.

Mmawa wina, nthawi yokolola mpunga, kunabwera msuweni wanga Binwelo, mwana wa amalume. Tinakulira limodzi, tinkadyera mbale imodzi kwa agogo, ndipo kuyambira kale amanditchula kuti Bubu chifukwa chosalankhula. Tsiku limenelo anabwera nkhope ili yakugwa.

"Bubu, kwagwa zovuta," anatero. "Mnyamata wa kutsidya amene amagwira ganyu m'minda ya kumunsiku watisiya dzana. Abale ake afika, koma aliyense akuwakanira galimoto. Ndawauza kuti alipo mmodzi amene sakana. Si iwe unayenda pambuyo pa ngolo?"

Atatchula ngolo, ndinasiya kuganiza. Ndinangofunsa kuti thupi lili kuti.

Tinawapeza pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa sikimu, osati pakhomo pa munthu. Panali amuna awiri ndi amayi awiri atafunda zitenje kumutu. Wina wa amunawo anali wamtali, wovala jekete yachikopa ngakhale kunali kotentha, ndipo anati ndi mchimwene wake wa malemu. Bokosi linali lokhomedwa kale misomali, ndipo fungo linkamveka ukadali patali. Ndinavula chipewa, ndinagwada, ndinapempherera ulendo ndi mzimu wa amene anali m'bokosimo. Amayi aja analira mokweza. Tinakweza bokosi, ndipo amunawo anathyola nthambi zamasamba n'kuzimangirira kutsogolo ndi kumbuyo kwa pikapu, monga timachitira kuti aliyense panjira adziwe kuti pakudutsa maliro.

Ndinanena kuti ndikatenge mnzanga woyenda naye. Wa jeketeyo anati nthawi yatha, thupi silingadikire. Ndinanena za pa geti. Anati malemu anabwera kudzera njira ya m'minda monga amachitira aganyu onse, alibe pepala lililonse, ndipo tikakaima pa geti tikachedwa mpaka bokosi likayamba kudontha. Ndinayang'ana Binwelo kuti mwina akwera. Iye anati linali tsiku lake lothirira m'sikimu, madzi akamupitirira mbewu zake zipsa. Anandimenya paphewa n'kunena kuti, "Pita, Bubu, Mulungu akuona."

Mawu amenewo sindidzawaiwala.

Tinanyamuka. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, ndikuzemba maenje kuti malemu asagwedezeke. Pa Kasinje anthu apanjinga anatsika n'kuima pambali. Pa Kandeu amuna anavula zipewa, amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda. Palibe amene anatiimitsa kapena kutifunsa kanthu.

Munthu amene wakula wamasiye amaphunzira kuyang'ana nkhope za anthu, chifukwa amafuna kudziwa msanga ngati pakhomo pamene wafika akumufuna kapena ayi. Ndiye pokwera mtunda maso anga ankapita pagalasi kawirikawiri. Ndinaona kuti amayi aja ankalira tikamayandikira anthu basi. Tikangodutsa, kulira kunkaduka ngati wailesi yazimitsidwa. Pamalo ena opanda nyumba, mmodzi anatulutsa chimanga chootcha m'chitenje n'kugawira mnzake. Mwamuna wamfupi amene anakhala nawo kumbuyoko anatambasula miyendo n'kusanjika nsapato zake pamwamba pa bokosi. Ine ndaika makolo anga onse awiri, ndipo sindinaonepo mbale wa malemu akuponda bokosi.

Wa jekete anakhala nane kutsogolo. Ulendo wonse sanatchule dzina la mng'ono wakeyo ngakhale kamodzi. Mafunso ake anali a galimoto. Anafunsa ngati injini inatsegulidwapo, ngati imadya mafuta ambiri, ngati ndinaikamo kachipangizo kolondolera kumene galimoto ili. Ankasisita dashibodi ndi chikhato ngati munthu amene akusankha mbuzi pamsika. Titawoloka msewu waukulu, umene ndiwo malire, n'kulowa kanjira kafumbi ka kutsidya, anabwereka foni yanga kuti adziwitse akumudzi. Sanaimbe. Anaiika m'thumba la jekete, ndipo potsegula jeketeyo ndinaona chigwiriro cha mpeni waukulu.

Abale anga, pamenepo ndinadziwa kuti ndagwa m'manja mwa akuba. Ndinali m'dziko la eni, ndinalowa mosadzera pa geti, wondiperekeza ndinalibe, foni inali itapita. Tcheni ndi loko zinali pansi pa mapazi anga, koma tcheni imateteza galimoto yoima, siteteza galimoto imene mwini wake akuipereka yekha kwa akuba. Ndinaganiza za agogo atakhala pakhonde kudikira kulira kwa injini imene amaizindikira ikadali kutali. Ndinakwiyira Mulungu. Ndinamufunsa mumtima kuti, kodi lonjezo limene ndinakupatsani ndili mwana ndi limene mwalola kuti likhale chingwe chondikokera kophedwa? Ndinafuna kutembenuza, koma njira inali yopapatiza, ndipo munthuyo anali atayandikira mpaka bondo lake linkakhudza giya.

"Tikadutsa mudzi uli kutsogoloku, mukhotere kumanja," anatero. "Kuli njira yachidule ya m'bulugamu."

Nkhalango ya bulugamuyo ndinkaiona patsogolo, yakuda, yopanda denga la nyumba ngakhale limodzi. Ndinadziwa kuti ndikalowa mmenemo, pikapu ituluka ndi dalaivala wina. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinati, Ambuye, pakamwa panga mukupadziwa, sindingathe kukuwa kapena kumenyana. Ndionetseni poima.

Titangokhota pa kaphiri, ndinaona tchalitchi chaching'ono chosamaliza kumanga, chili m'mphepete mwa njira. Panali amayi ambiri akutunga madzi oumbira njerwa, ndi amuna akuponda dothi. Ndinatsitsa dzanja ngati ndikukanda mwendo, ndinakhudza kaswichi kaja. Injini inayenda pang'ono, inatsokomola, n'kuzima pafupi ndi mulu wa njerwa.

Wa jekete anandiyang'ana ndi maso ofiira. Anandiuza kuti ndilize. Ndinapotokola kiyi kangapo, injini inkangolira osadzuka. Anatsika, anatsegula boneti, anayamba kugwiragwira mawaya uku akutukwana chapansipansi. Anauza wamfupi uja kuti akankhe, tichoke pamaso pa anthu. Koma anali atachedwa.

Nthambi zimene anamangirira kuti anthu asatifunse ndi zimene zinaitana mudzi wonse. Kwathu kuno, mbali zonse ziwiri za malire, galimoto ya maliro ikamayenda umaipatsa njira, koma ikaima pakhomo pako maliro amenewo ndi ako. Amayi anatula zidebe, anamanga zitenje bwino, anabwera n'kukhala pansi mozungulira pikapu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, n'kuyamba nyimbo. Amuna anasamba matope m'manja n'kubwera zipewa zili kumanja. Panalibenso pokankhira galimoto popanda kuponda munthu. Amayi athu awiri aja anayambiranso kulira, koma nyimbo imene inkaimbidwa sankaidziwa.

Panatulukira bambo wina wachikulire, wamfupi, miyendo ili matope mpaka m'mawondo. Anthu ankamutchula kuti a Zuze, ndipo anali mkulu wa adzukulu, amene amakumba manda ndi kunyamula maliro m'mudzimo. Anatipepesa mwaulemu, kenako anafunsa wa jekete kuti malemu ndi ndani ndipo akupita kwa yani. Iye anatchula mudzi wina wa kuseri kwa bulugamu.

Mayi wina amene anakhala pafupi ndi tayala anadzutsa mutu. "Kumeneko ndi kwathu," anatero. "Ndachokako mmawa uno. Uthenga wa maliro sunamveke. Mwana wa yani ameneyu?"

Wa jekete anati ndi obwera, anthu sawadziwa bwino. A Zuze anagwedeza mutu ngati amvetsa. Anati popeza ndi pafupi, ndipo fungo likusonyeza kuti malemu atopa ndi ulendo, anyamata awo anyamula bokosi pamapewa kukafika nalo, galimoto itsale ikonzedwe. Wa jekete anakana, anati sakufuna kuvutitsa anthu.

"Kuvutika ndi ntchito yathu, bambo," anatero a Zuze. "Mukatilanda imeneyi tizidya kuti?"

Adzukulu anayi anakwera n'kugwira bokosi. Atalinyamula, linakwera msanga kuposa mmene ankayembekezera, ndipo china chake chinaseserekera kumapeto n'kugunda thabwa. Mukudziwa kuti adzukulu saopa kuseka pamaliro. Mmodzi anati, "Malemuwa ankadya koma, kapena ankangonunkhiza?" Wina anati, "Mwatitengera theka, theka lina likubwera pa njinga?" Koma a Zuze sanaseke. Anadutsa wa jekete, anabwera pawindo langa n'kundiyang'anitsitsa.

"Adalaivala, inu mwangoti phee. Mwanyamula ndani?"

Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyankha mafunso ndi mutu. Wa jekete anali ataima kumbuyo kwa a Zuze, dzanja lili m'jekete. Koma pakamwa panga panatseguka, ndipo mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndinawamverapo. Ndinati, "Bambo, sindikudziwa chimene ndanyamula. Nkhope sindinaione, dzina sanandiuze, foni yanga andilanda, ndipo akufuna ndikalowe m'bulugamu. Ndithandizeni."

Nyimbo inaleka. A Zuze anaitanitsa khasu n'kulowetsa nsonga yake pansi pa chivundikiro cha bokosi. Chitatseguka, anthu anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Munali galu. Galu wakufa, wotupa, mphutsi zili yakaliyakali, atamukulunga m'chitenje chatsopano ngati munthu. Anamuikamo dala kuti fungo liletse aliyense kupempha kuona nkhope.

Ndinatsika n'kusanza pambali pa njira mpaka m'mimba munauma. Sichinali chifukwa cha fungo lokha. Ndinakumbukira kuti mmawa uja ndinavulira galu chipewa. Ndinagwada pa fumbi kupempherera mzimu wa galu. Anthu a pa Kasinje ndi pa Kandeu anaimitsa ntchito zawo kulemekeza galu, ndipo amayi a mpingo awa anamuimbira nyimbo zimene ife tinaimbira amayi anga. Munthu anakhala pansi, anaganiza bwinobwino, anagula chitenje, anakhoma misomali, n'cholinga choti ulemu umene timapereka kwa akufa ukhale kiyi wobera galimoto. Ndipo amene anawauza pamene mtima wanga uli pofewa ndi munthu amene ndinkagona naye mphasa imodzi.

Pamene anthu ankayang'ana m'bokosi, amuna awiri aja analowa m'munda wa chimanga chouma n'kuthawa. Anyamata anawathamangitsa koma sanawapeze, anangotola jekete itakodwa paminga, foni yanga ili m'thumba. Amayi awiri aja sanathe kuthawa chifukwa amayi a mpingo anali atawagwira zitenje. Tsopano ankalira zenizeni. Anati anangolembedwa ganyu yolira, ndipo anatchula dzina la Binwelo ine ndisanawafunse. Mayi uja wa pafupi ndi tayala anawauza kuti, "Misozi munali nayo, bwanji mumaumira nayo poyamba paja?" Anawatengera kwa akuluakulu a m'deralo, ndipo zimene zinatsatira kumeneko ine sindinazione.

Adzukulu anakwirira galuyo kutali ndi mudzi, bokosi analitentha. Amayi anatenga madzi awo oumbira njerwa n'kutsuka kumbuyo kwa pikapu ndi phulusa ndi sopo, osandilola kugwira chidebe. A Zuze anayamba kuitanitsa munthu wodziwa injini. Ndinawauza kuti asavutike, ndinalowetsa dzanja pansi pa mpando, ndinaliza, injini inadzuka nthawi yomweyo. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anaseka mpaka kukhala pa njerwa. Anati, "Anthu ofatsa inu ndi oopsa." Anadula nthambi zija ndi manja awo, anasankha amuna awiri kuti akwere nane, ndipo anandiperekeza mpaka pa msewu waukulu dzuwa lisanalowe. Ndinafuna kuwapatsa kangachepe, anakana. Anati galimoto inaima pa tchalitchi chawo, ndiye mlendoyo anali wa Mwini tchalitchi.

Nditafika kunyumba, ndinapeza Binwelo atakhala pakhonde ndi agogo, mbale ya mpunga ili pamiyendo. Ankawauza kuti asadandaule ndikapanda kubwera msanga, njira za kutsidya ndi zoipa. Ataona pikapu ikulowa, dzanja lake linaima pakati pa mbale ndi pakamwa.

"Bubu, wabwera?" anatero.

Ndinamanga tcheni pachiwongolero iye akuona, ndinakhoma loko, kenako ndinagwada pafupi ndi agogo n'kuwafotokozera zonse, iye ali pomwepo. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto. Anatambasula dzanja, anachotsa mbale ija pamiyendo pake n'kukhuthulira mpungawo nkhuku. Anamuuza kuti, "Amayi ake a mwanayu, amene tinawanyamula pa ngolo, anali atate ako aakazi. Dzuka pakhonde panga." Anadzuka. Nkhani itafika kwa amalume ndi kupolisi, iye anali atachoka kale m'mudzi, ndipo mpaka lero sitikudziwa kumene ali.

Sindikunamizani kuti mtima wanga wayera. Abusa andiuza za kukhululuka, ndipo ndikudziwa kuti akunena zoona, koma ndikamva dzina lake nseru imabwera kaye pemphero lisanabwere. Pamenepa ndikupempha kuti mundipempherere.

Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lalifupi la munthu wamantha. Ndikuthokoza a Zuze ndi adzukulu awo, ndi amayi aja amene mayina awo sindiwadziwa, amene anakhala pa fumbi kuzungulira galimoto ya mlendo. Kwa anzanga oyendetsa magalimoto m'malire muno, ndikuti dzerani pa geti, musayende nokha, ndipo wina akakupemphani kunyamula maliro, kafikeni pakhomo pamene pali siwa, mumve dzina la malemu kwa anthu a m'mudzimo. Wofedwa weniweni sakwiya ndi zimenezo.

Ndipo kwa inu amene muli pakati pa njira yopapatiza lero, woipa atakhala pambali panu, kaya ndi matenda, kaya ndi mbale amene wakugulitsani, musaleke kupemphera chifukwa choti mawu anu ndi ochepa. Anga anali ochepa kwambiri. Musalowe m'nkhalango muli chete. Imani pamene pali anthu a Mulungu, munene chimene chikukuchitikirani. Mmene ndikumaliza kulemba, pikapu ili panja yodzaza matumba a mpunga, ndipo agogo akhala kale kutsogolo, akundifunsa ngati tinyamuke lero kapena chaka chamawa. Ambuye akusungeni nonse paulendo wanu. Ameni.